Geji ya Pikapu Yakufa

Lachisanu madzulo a Magiya anadya mofulumira, nadikira kuti m'nyumba azimitse magetsi. Kenako anatuluka monyang'ama, tochi m'manja, kabokosi m'khwapa, ngati wakuba chonsecho pakhomo ndi pawo.

Dzinali anawapatsa ndi madalaivala anzawo. Zaka makumi anayi ali pa chiwongolero, giya ankasintha ndi khutu. Injini ikangosintha mawu, dzanja linali litapita kale. Ndiye makutu omwewo ndi amene anadzawatembenukira. Kwa zaka zitatu tsopano dziko lonse linali zii. Pikapu yawo yakale yobiriwira, imene inaphunzitsa ana onse sukulu, ankaiyendetsa ikukuwa mpaka oyenda pansi kugwira kumutu, eni ake osamva kanthu.

Mwana wawo wamkazi, namwino, anali atatopa ndi kukuwa, choncho tsikulo anachita kuwalembera papepala: "Mawa muyendetse, bambo a ana akhale pambali panu. Mukalephera mundipatse makiyi." Bambo a anawo ndiye mkamwini, munthu woti tayala likaphwa amaimbira foni anthu. Ameneyo ndiye akayese a Magiya! Ndipo pakhomopo aliyense ankadziwa kuti mkamwiniyo wogula pikapuyo anali atampeza kale. Zinawawawa a Magiya, zinawawawa zedi.

M'kabokosimo munali geji yoonetsa mmene injini ikuzungulirira. Pikapu zakale zija zinkabwera ndi geji ya liwiro, ya mafuta ndi ya kutentha basi, pambali pake kabowo kotseka ndi pulasitiki. Maganizo awo anali akuti zimene khutu lasiya kuwauza, kamuvi ka gejiyo kaziwauza.

Anaigula masana kwa wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Inali m'pikapu yofanana ndi yawo, yopindika kutsogolo konse. Wogulitsayo anakana kuichotsa yekha, anangowapatsa sikuludiraiva. Anayankhulanso zina, milomo ikuthamanga, chala chikuloza pikapuyo. A Magiya anangogwedeza mutu n'kumwetulira, monga ankachitira ndi aliyense.

Pikapu yawo inkagona pashedi kuseri kwa nyumba, itayang'ana khoma la mpanda. Anayamba ndi kuchotsa batire n'kuika pansi, poti waya sagwira moto uli mkati. Anamasula masikuluwu anayi, nakoka dashibodi, nachotsa kapulasitiki kaja. Geji inalowa gwa, ngati bowolo linkaidikira. Waya wofiira anamangirira ku fyuzi, wakuda ku chitsulo, wobiriwira anamudutsitsa pakabowo mpaka ku koyilo ya injini. Zala zinali zitauma ndi ukalamba, sikuluwu imodzi inagwa katatu, ndipo katatu konse anaitukwana.

Atamaliza anakhala pampando kuti apume kaye asanabwezeretse batire. Anazimitsa tochi.

Geji inayaka.

Kuwala kwake kunali kwachikasu, kofooka. A Magiya anasuzumira pawindo. Batire inali pansi pomwe anaisiya. Makiyi anali m'thumba. Atabwezera maso, kamuvi kanali katadzuka, kakunjenjemera pansi pang'ono pa wani.

Kenako anamva.

Anamva ndithu, ndi makutu awo akufa aja. Injini ikuguguda pang'onopang'ono, kachitsulo kakulira penapake pansi pa mpando. Misozi inatsika yokha, eni ake osadziwa. Mantha anabwera pambuyo, pamene mpando wa pambali unalira n'kutsika, ngati pakhala munthu wolemera. M'galimoto munadzaza fungo la mabuleki opserera.

Khosi linakana kutembenuka. Ndi ngodya ya diso anaona bondo la ovolosi, ndi dzanja lakuda ndi girisi litagwira dashibodi.

"Tiyeni, mdala," anatero mawu.

Kutsogolo khoma la mpanda linali pomwepo, njerwa iliyonse pamalo pake. Koma msana wawo unauza a Magiya kuti galimoto yanyamuka. Chiwongolero chinayamba kulimbana nawo. Kamuvi kanakwera, injini inasintha mawu, ndipo dzanja linapita lokha. Giya yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi. Kumbuyo kunali katundu wolemera, ankamumva akukoka. Anakwera chitunda chachitali chomwe sankachiona. Ndipo ndinene zoona, nkhalambayo inkasangalala.

Pamwamba pa chitundacho mphuno ya galimoto inaweramira pansi. Liwiro linayamba kukwera. A Magiya anaponda buleki.

Phazi linangofika pansi, fwaa.

Anapopa. Palibe. Anapopanso. Palibe. Mphepo inayamba kulira m'mawindo otseka.

"Apa," anatero mawu aja, mosakweza. "Ine ndinalepherera apa. Usiku uliwonse ndimalepherera pomwepa. Kutsogoloku kuli kona. Inu mukanatani?"

A Magiya anagwira giya. Anaponda kilachi, nachotsa giya, napatsa moto injini mpaka kukuwa, napondanso, nakankhira yachitatu. Inalowa. Kamuvi kanalumphira pa faifi. Galimoto inagwedezeka koma sinamvere. Anachitanso chimodzimodzi kufuna yachiwiri. Giya inakukuta mano, kukana. Dzanja la pa dashibodi lija linafinya mpaka pulasitiki kulira.

"Lowa!" anakuwa a Magiya. "Lowa iwe, ndakusamala zaka zingati!"

Anapatsanso moto, namvetsera, nadikira mawu amene ankawadziwa kuyambira ali mnyamata. Atawamva anakankha. Inalowa. Kamuvi kanakamira m'kufiira. Anakoka handibuleki pang'ono, kusiya, kukokanso, kusiya. Kona inafika, anaimva m'mapewa. Anapinda chiwongolero ndi thupi lonse, matayala akulira, katundu akugubuduka kumbuyo. Anakuwa, anapemphera, anatukwana, zonse pakamodzi.

Kamuvi kanayamba kutsika. Folo. Fili. Thuu. Galimoto inaima.

Kwa kanthawi kunkamveka kupuma kwa munthu mmodzi yekha.

"Ndiye kuti zinali zotheka," anatero mawu aja. Munalibe kuthokoza m'mawumo, munali kuwawa kokhakokha. "Zinali zotheka."

Mpando unadzuka. Chitseko chinatseguka n'kutsekeka, khwa. Geji inazima, ndipo dziko linabwerera zii.

Apa ndi pamene anazindikira kuti kunja kwacha. Ulendo umene iwo ankauona ngati wa mphindi khumi unali utadya usiku wonse. Shati inali itanyowa ngati yochapa. Pawindo panaima namwino atafunda nsalu, maso ofiira. Pamwamba pa mpanda panali mitu ya aneba. Palibe ndi mmodzi yemwe anamva injini. Chimene anamva, kuyambira pakati pa usiku, ndi nkhalamba ikukuwa yokha m'galimoto yopanda batire, ikuvutitsa giya.

A Magiya anatsika.

"Ndaiimitsa!" anatero, mokweza kwambiri monga amachitira osamva. "Mwanawe, popanda buleki, ndi katundu! Ndaiimitsa!"

Namwino sanalembe kanthu ulendo uno. Anangotambasula dzanja. Mawu amodzi okha ndi amene a Magiya anawawerenga pamilomo pake: "Bambo."

Mkamwini anabwera akuyasamula, nayedzamira pa boneti kuti aonerere bwino. Nthawi yomweyo anachotsa dzanja ngati walumidwa. Anayang'ana chikhatho chake chitapsa. Anayang'ana batire pansi paja. Kenako anayang'ana apongozi ake, maso n'kuphana.

"Auzeni!" anakuwa a Magiya. "Mwaigwira! Auzeni!"

Namwino anatembenuka n'kufunsa mwamuna wake kanthu. Mkamwini anapisa dzanja lija m'thumba, napukusa mutu. Pofika pamene aneba ankayerekeza kulowa kudzagwiragwira, dzuwa linali litawomba kale pa bonetipo, ndipo chitsulo chofunda sichidabwitsa munthu.

Makiyi anapereka. Pikapu inachoka Lolemba, yokokedwa ndi chingwe, poti wogulayo anapeza mafuta atauma ndi handibuleki itatheratu. Mkamwini anati ndi mmene nkhalamba zimasamalira zinthu.

M'dera lonse nkhani inayenda monong'ona. Ambiri ankati mutu wa a Magiya watsatira makutu. Ena ankati chitsulo chimene munthu wafera akuchiyang'ana sachiika m'galimoto ina, ndipo wogulitsa uja akuti anawachenjeza. Zonsezi a Magiya sanazimve.

Chimene ankachiona ndi cha patebulo. Kwa masabata awiri, madzulo alionse asanadye, namwino ankamasula bandeji pa chikhatho cha mwamuna wake, n'kupaka mankhwala pa matuza a kupsa kuja mosamala, akumukalipira mwachikondi kuti azisamala ndi ayironi imene mwamunayo anati ndiyo inamuwotcha. A Magiya ankakhala moyang'anizana nawo, akudikira kuti mkamwini adzutse maso. Sanawadzutse ngakhale tsiku limodzi.