Dzanja la Namtunda

M'mawa wa tsiku limene mudzi wa Mfumu Kalindiza unagwa, mlongo wake Namtunda anali pakhonde akumeta atsikana awiri. Wina anali Ndaziona, mwana wa m'mimba mwake. Wina anali Mwadaine, mwana wa mfumuyo, amene analeredwa m'nyumba yomweyo chimwalirire amake. Atsikanawo ankakanganira mkanda umodzi wofiira, ndipo Namtunda anawauza kuti akapitiriza aumeza yekha. Anaseka onse atatu.

Dzuwa lisanafike pamutu, uthenga unabwera kuti mfumu yaphedwa padooko. Anaipha anali Chatuluka, kazembe wake yemwe. Koma Chatuluka sanali wa magazi achifumu. Kwathu ufumu umayenda ndi mimba ya mlongo wa mfumu, choncho iye anafuna Ndaziona kuti amuberekere mwana woyenera mpando.

Ankhondo amene anawatuma kudzamutenga anali a kutali, osadziwa nkhope za atsikanawo. Mkulu wao anaima pabwalo nati, "Mayi, mwa awiriwa, wanu wobereka nokha ndi uti?"

Namtunda anatambasula dzanja, naliika pamutu pa Mwadaine.

Mtsikanayo anayang'ana azakhali ake kanthawi. Kenaka anati, "Tsalani bwino, amayi." Anapita mutu uli wometedwa mbali imodzi.

Zaka khumi ndi ziwiri dziko linadyana lokha. Midzi inapsa, nkhokwe zinakhala zopanda kanthu, abale anabayana. Namtunda anabisala kumapiri ndi Ndaziona, amene anakwatiwa komweko nabereka mwana wamwamuna. Odziwa chinsinsi chija ena anafa, ena anatseka pakamwa. Potsiriza mafumu ang'onoang'ono anagwirizana, nagonjetsa Chatuluka, ndipo anaitana Namtunda kuti mpando ubwerere kwa eni ake.

Bwalo linakhala masiku awiri. Tsiku lachiwiri anthu a Chatuluka anafika opanda mikondo, ali ndi Mwadaine ndi mwana wake wamwamuna. Nkhalamba yao inagwada.

"Eni dziko, tagonja. Koma onani mwana uyu. Atate ake ndi athu, amake ndi mwana wa Namtunda. Mukamuika pampando, ife ndi inu tikhala anthu amodzi, ndipo nkhondo ithera pano."

Akuluakulu ambiri anavomera, pakuti anali atatopa ndi maliro. Onse anatembenukira kwa Namtunda. Akanangokhala chete, mwana wa Mwadaine akanalowa ufumu, mdzukulu wake weniweni ndi kutsala wopanda dzina.

Namtunda anaimirira pang'onopang'ono.

"Akuluakulu, mkazi uyu sindinamubereke. Ndi mwana wa mlongo wanga Kalindiza. Ndinamupereka ndine, ndi dzanja ili, kuti wanga apulumuke."

Panalibe woombera m'manja. Nkhalamba ija inafunsa Mwadaine ngati zinali zoona.

"Ndi zoona, agogo."

"Nanga zaka zonsezi unakhaliranji chete?"

"Ndikanaulula mukanapita kumapiri kukamutenga Ndaziona."

Kenaka anatembenukira kwa Namtunda, nalankhula motsitsa mawu, mwaulemu wonse. "Azakhali, tsiku lija sindinakufunseni kanthu. Lero ndifunse chimodzi. Kwa amayi anga kunapsa, kulibe munthu. Awa ndawanamiza, sandilandiranso. Kuno mwanena nokha kuti si kwathu. Mwanayu ndipite naye kuti?"

Namtunda anatsegula pakamwa, koma mkulu wa bwalo anamutsogolera. Anati mwana wa Chatuluka sangakhale pafupi ndi mpando, chifukwa akakula anthu adzamusonkhanira. Anagamula kuti mayi ndi mwana apatsidwe kamba wa masiku asanu, awaperekeze mpaka kumalire. Namtunda sanatsutse. Anakasinja yekha ufa wa paulendowo, koma kukaupereka anatuma munthu wina.

Mwana wa Ndaziona anavekedwa ufumu, akuluakulu akumugwirira mpando kufikira atakula. Analamulira zaka zambiri mumtendere, ndipo ife amene timasimba nkhaniyi ndife mbumba yake. Minda imene timalima tinaipeza chifukwa cha zimene zinachitika pakhonde paja ndi pabwalo paja. Pothira nsembe timatchula Kalindiza, Namtunda ndi Ndaziona. Mwadaine sitimutchula, chifukwa mwambo umati sanali wa mtundu wathu. Kumene anakathera palibe amene anafufuza.

Namtunda anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Manda ake sali m'nkhalango ya mafumu. Ali panja, m'mbali mwa njira yopita kumalire, imene anadzera Mwadaine.