Wamtali ndi Mpando wa Sisitala

Anakumana pa makina okopera mapepala, sabata ya mayeso, pa sukulu ya anamwino. Mkaziyo anali mphunzitsi wa uzamba, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Sisitala. Tsikulo makina anameza pepala lake la mafunso, iye n'kumawawomba makofi ngati mwana wosamvera. Mphunzitsi watsopano wa za mankhwala, mwamuna wamtali wa mawu ofatsa, anatsegula kachitseko ka m'mbali n'kusolola pepalalo.

"Manja olandira makanda samenya, mayi," anatero.

Posakhalitsa "mayi" uja anasanduka "mtima wanga," ndipo Sisitala anamusunga mufoni ndi dzina loti Wamtali. Mauthenga ankalowa ngakhale ali pakati pophunzitsa: "Wadya, dalingi? Ukusamala odwala a dziko lonse, nanga ine wodwala iwe andiona ndani?"

Mkulu wa sukuluyo atalengeza kuti akupuma pa ntchito, Sisitala anafunsira udindowo. Maganizo ake onse anamukhuthulira Wamtali. Ankafuna kuti wophunzira aliyense azikhala ndi namwino wodziwa ntchito womuyang'anira kuchipatala, komanso kuti wolephera mayeso azithandizidwa m'malo mothamangitsidwa. Wamtali ankamvetsera atagwira chibwano, n'kumafunsa mafunso mpaka tiyi kuzizira.

"Mpando umenewo ndi wako, mtima wanga. Wofuna kulimbana nawe ayambe walimbana ndi ine."

Kenako kunabwera mtsikana wophunzitsa makompyuta, wocheperako zaka, woseka mokweza. Wamtali anayamba kusowa pa nthawi ya nkhomaliro. Chitseko cha ofesi yake, chomwe kale chinkakhala pululu, chinayamba kutsekedwa, ndipo mkatimo munkamveka kuseka kwa mtsikanayo.

Sisitala ankadutsa pakhondepo atanyamula faelo yopanda kanthu, kungofuna kumva. Ankaseka chiyani? Kodi nthabwala zomwe ankamuuza iye zija tsopano zasamukira kwa wina? Mpaka tsiku lina anakalipira wophunzira amene anangolakwitsa pang'ono kuvala magolovesi, mwanayo n'kulira. Achemwali ake atamva nkhaniyi pafoni anamuuza kuti asiye kununkhiza zitseko ngati galu, akangofunsa mwiniwakeyo.

Atafunsa, Wamtali anaseka n'kumutsina tsaya, akuti nsanje imamukhala bwino. Yankho lenileni silinatuluke.

Masana ena mtima unakana kupirira. Anakankha chitseko osagogoda. Anawapeza atagundanitsa mitu pa laputopu, ndipo Wamtali anaitseka msangamsanga. Sisitala anatuluka. Mtsikanayo anamuthamangira n'kumuuza kuti iye ali ndi chibwenzi chake, kuti akungowathandiza abambowo ntchito ina imene anamupempha kuti asauze munthu. Sisitala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osakhulupirira ngakhale liwu limodzi.

Tsiku la intavyu anafika atavala diresi yake yabuluu, maso ali otupa. Pa benchi ya ofunsira udindo panakhala Wamtali, atavala suti.

"Wabwera kudzandilimbikitsa?"

"Nanenso ndinaponya kalata, dalingi. Ndimaopa kukusokoneza."

Asanayankhe, mlembi anaitana Wamtali kuti alowe.

Nthawi yake itakwana, Sisitala anaima pamaso pa akuluakulu a bodi n'kuyamba kufotokoza za namwino woyang'anira wophunzira aliyense. Anaona akuyang'anizana. Mayi wapampando anamudula mwaulemu, n'kunena kuti zonsezo angozimva kumene kwa amene watulukayu, ndipo iye anazionetsa ndi zithunzi zokonzedwa bwino pakompyuta. Kodi analibe maganizo akeake?

Apo m'pamene zonse zinamuwalira. Mtsikana uja sananame. Masabata onse aja iye ankalondalonda mkazi mnzake, pomwe kuseri kwa chitsekocho Wamtali ankamusolola maloto ake. Zimene anayankha sanazikumbukirenso.

Udindo unapita kwa Wamtali.

Wamtali anapeza Sisitala m'kalasi mmawa wina ophunzira asanalowe, akufufuta bolodi. Wamtali anatseka chitseko, n'kutulutsa kabokosi ka mphete. Analankhula zambiri: kuti zonsezi anachitira iwo awiri, kuti mpando ukalowa m'nyumba ndi wa banja lonse, kuti amusankha kukhala wachiwiri wake ndipo maganizo aja akawagwiritsa ntchito limodzi.

Sisitala anayang'ana mpheteyo. Inali yokongola, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mtima wake wopusawo unadumphabe.

"Ndifunse chimodzi. Akanasankha ine, mphete imeneyi ikanatuluka m'thumbamo?"

Wamtali anayang'ana pawindo.

Panja ophunzira anali atayamba kusonkhana, ena akusuzumira. Sisitala anapukuta choko m'manja, anatseka kabokosiko ndi chala chimodzi n'kukakankhira kwa mwini wake.

"Iwe, mtima wanga, tamvera..."

"Pepani bwana," anatero Sisitala akutsegula chitseko, "nthawi ya kalasi yakwana. Ngati pali za ntchito, mundiitanitse kudzera kwa mlembi wanu."

Wamtali anatuluka, ophunzira akumupatsa moni waulemu. Sisitala anatembenukira kubolodi n'kulemba mutu wa phunziro pang'onopang'ono, kudikira kuti misozi iume asanayang'ane ana ake.