Tionenji ndi Chingerezi cha ku Loji

Tionenji ankakhala ku Lifuwu, pafupi ndi minda ya mpunga. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali mwana wolongolola kwambiri. Koma sabata imeneyi mawu anamuthera. Kunyumba kwawo kunabwera mlendo.

Mlendoyo anali Ruth, mwana wa amayi ake aang'ono, a Dailes. Anabwera ndi amayi akewo. Ruth anabadwira ku Joni. Chichewa sankachidziwa mpang'ono pomwe. Ankalankhula Chingerezi chokhachokha.

Tsiku loyamba, Ruth anakhala pakhonde ali duu. Tsiku lachiwiri, anakhalanso pakhonde ali duu. Sankadya. Sankasewera. Akuluakulu akamulankhula, ankabisa nkhope n'kuyamba kulira.

Tsiku lachitatu, a Dailes anadandaula kwa amayi a Tionenji. "Achemwali, mwanayu wasungulumwa," anatero. "Akapanda kudya lero, mawa tinyamuka."

Amayi a Tionenji anagwetsa nkhope. Panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri asanaonane ndi mng'ono wawoyo. Ndiye apite atangogona masiku atatu? Tionenji anamva zonse. Mtima unamuwawa.

Kusukulu anaphunzira kunena kuti, "Good morning, teacher." Koma Ruth sanali mphunzitsi!

Tionenji anathamangira kwa bambo ake, a Stanley. Iwo ankaperekera zakudya pa loji ina, malo ogona alendo, ku Senga Bay. Anawapeza akupopa njinga kuti azipita kuntchito.

"Ababa, ndiphunzitseni Chingerezi cholandirira mlendo," anatero Tionenji.

A Stanley anadziguguda pachifuwa. "Wafika pa mwini wake, mwanangu! Tchera khutu. Mlendo akafika, umati, 'Welcome, madam.' Ndiye kuti takulandirani, mayi."

"Welcome, madam," anatero Tionenji.

"Kenako umati, 'Please sit down.' Ndiye kuti chonde khalani pansi. Ukamupatsa chakudya umati, 'Enjoy your meal.' Ndiye kuti mudye bwino."

"Nanga chikalakwika china?"

"Umati, 'I am sorry.' Ndiye kuti pepani. Basi, ndachedwa!"

A Stanley anakwera njinga n'kumapita. Pa changu chawocho anaiwala chinthu chimodzi. Mlendo wa Tionenji anali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Tionenji anayamba kuyeserera. Anauza mbuzi kuti, "Welcome, madam." Mbuzi inangomuyang'ana. Anauza nkhuku kuti, "Please sit down." Nkhuku inathawa. Anauza mtengo wa papaya kuti, "Enjoy your meal." Mtengowo sunayankhe.

Masana atakwana, amayi anapakula mpunga ndi nyemba. Tionenji anatenga mbale ya Ruth. Anakoloweka kansalu pamkono, ngati mmene amachitira bambo ake kuntchito. Anayenda pang'onopang'ono. 

Atafika pakhonde, anawerama. "Welcome, madam," anatero.

Ruth anacheuka. Anayang'ana kumbuyo. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe mayi aliyense.

"Please sit down," anatero Tionenji.

Koma Ruth anali atakhala kale pansi! Anali atakhala pansi masiku atatu athunthu.

Ruth anagwira pakamwa. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Tionenji anachita mantha. Kodi akuliranso? Ayi ndithu, sankalira. Ankaseka! Anaseka mpaka anagwira m'mimba.

Kenako anadziloza pachifuwa. "No madam," anatero. "Ruth!"

Tionenji nayenso anadziloza pachifuwa. "Tionenji!" Anaika mbale ija pamkeka. "Enjoy your meal, Ruth."

"Thank you, Tionenji," anatero Ruth. Mawu amenewa Tionenji ankawadziwa. Ndiye kuti zikomo.

Ruth anadya supuni imodzi. Anadyanso ina. Anadya mpaka mbale inayera.

Tsopano Chingerezi cha Tionenji chinali pafupi kutha. Awiriwo anangoyang'anana. Nthawi yomweyo kumunda kunamveka phokoso. Ngwe, ngwe, ngwe! Ana ankamenya zitini pothamangitsa mbalame mumpunga.

Ruth analoza kumundako. Tionenji analibe mawu ofotokozera. Anangotola zitini ziwiri ndi timitengo tiwiri. Chitini chimodzi anapatsa Ruth.

Ruth anadzambatuka. "Let's go!" anatero, akumukoka dzanja.

Tionenji anamvetsa. Ndiye kuti tiye! "Let's go!" anakuwa nayenso.

Anathamanga pamzere wa munda. Anamenya zitini. Ngwe, ngwe, ngwe! Mbalame zinauluka zonse. Zinakatera kwina. Anazithamangitsanso. Ngwe, ngwe, ngwe!

Mwadzidzidzi Ruth anaterereka. Phava! Anagwera m'matope. Diresi lake loyera linada bii.

Tionenji anathamangira pomwe panali Ruth. Akalira, mawa apita! Anakumbukira mawu amene anatsala. "I am sorry, Ruth! I am sorry!" anatero, akumudzutsa.

Ruth anapukuta matope kumaso. Mano okha ndi amene ankayera. "I am fine!" anatero akumwetulira. Ndiye kuti ndili bwino. Anatola chitini chake n'kuyambanso kumenya.

Pobwerera kunyumba, anapeza a Dailes akulongedza zovala m'chikwama. Iwo sankadziwa kuti Ruth wadya. A Dailes anakweza mutu. Anaona matope kumiyendo, matope kumanja, matope m'tsitsi.

"Mayo ine! Mwana wanga ndi ameneyu?" anafuula.

Ruth anaona chikwama chija. Anagwira dzanja la Tionenji mwamphamvu. "No, Mummy. Please!" anatero. Kenako analankhula zambirimbiri m'Chingerezi. Tionenji sanamve chilichonse.

"Amayi aang'ono, akuti chiyani?" anafunsa.

A Dailes anaseka. "Akuti mbalame zibweranso mawa. Ndiye iye sangachoke, ali ndi ntchito."

Anatsegula chikwama n'kuyamba kutulutsa zovala. Anatulutsa zonse, mpaka nsapato.

Amayi a Tionenji anakhala pansi pomwepo. Misozi inalengeza m'maso mwawo, koma inali ya chimwemwe. Anakumbatira ana awiriwo, matope ndi matope omwe.

"Zikomo, mwanangu," anauza Tionenji. "Zikomo kwambiri. Wandibwezera mng'ono wanga."