Musavule Mpaka Ndibwere

Kizito anatseka shopu mochedwa, maminibasi atatha kale. Madzulo onse anali akujambula malupanga, zishango ndi mikanjo ya mafumu akale a ku Ulaya, n'kumaika pa Facebook kuti okonda mafilimu a nkhondo zakale ndi magulu a zisudzo aone. Shopuyo inali ya mlamu wake, iye ntchito yake inali yotsatsa malonda. Anakoleka chikwama n'kuuyamba wapansi kuchoka ku Biwi kupita ku Kawale.

Atayandikira mlatho, anamva kulira kwa chitsulo. Ngwe... ngwe...

Pamlathopo panaima munthu. Mkanjo wofiira. Chishango kudzanja. Kumutu chipewa chachitsulo chophimba nkhope yonse, chongosiya kampata ka maso.

Chipewacho chinali cha kushopu kwawo!

Zaka zitatu zapitazo, Kizito anatenga bambo wina waganyu wa ku Chinsapo, a Malizani, kuti avale zimenezo n'kumagawa mapepala a malonda pamsewu. "Musavule mpaka ndibwere," anawauza. Mvula itayamba, iye anangokhala kushopu n'kumaonera mpira. M'mawa mwake sanawapeze. Patatha sabata, anaika chithunzi chawo pa Facebook, pansi pake n'kulemba kuti MBAVA. Pa zonse zimene anaikapo, chimenecho chokha ndicho anthu anagawana kwambiri.

"Madala, mwatulukira lero?" anatero Kizito. "Zaka zitatu!"

Munthuyo anatembenuka thupi lonse, monga amachitira amene saona m'mbali.

"Bwana, mwabwera." Mawuwo anamveka ngati akuchokera m'chitini. "Mapepala ndagawa. Latsala limodzi."

Anatambasula dzanja. Kizito analandira. Pepalalo linali lonyowa. Lozizira. Koma mvula inali itasiya miyezi inayi yapitayo.

"Ndivule tsopano?"

Kizito anasuzumira m'kampata ka maso kaja. Munalibe maso. Mdima wokhawokha...

Analiyatsa liwiro! Nsapato imodzi inatsalira. Sanacheuke. Anakagwera pamoto wa mlonda wa pagolosale ina, mkulu wa imvi dzina lake a Ezekiel.

"Iii, achimwene, akukuthamangitsani ndani?"

"Pamlatho... munthu wa chipewa chachitsulo..."

A Ezekiel sanaseke. Anasonkhezera moto.

"Aganyu aja? Anafa kale amene aja, chino n'chaka chachitatu. Ine ndinalipo. Mvula ili pakati, tinkawauza kuti madala, vulani chigoba icho, simukuona magalimoto. Iwo ankati ayi, bwana wanga anati ndisavule. Lole inawagunda pomwepo. Kuchipatala anachita kudula chitsulocho kuti achibale aone nkhope."

A Ezekiel anapitiriza.

"Mkazi wawo akugulitsabe tomato ku Chinsapo. Ana awo kusukulu amatchedwa ana a mbava, poti wina anaika bambo awo pa Facebook, atawaika kale m'manda." Mlondayo analavulira pambali. "Kaya bwana wakeyo anali munthu wotani."

Kizito anayang'ana pepala lija. Inki inali itafufutika, koma m'munsi mwake nambala ya foni inkaonekabe. Nambala yake. Analifumbata msanga kuti a Ezekiel asaione.

Kumlatho kuja chitsulo chinaliranso. Ngwe... ngwe...

Kizito anali asanawayankhe a Malizani funso lawo lija.