Pini Yotsala pa Unyolo wa Orrin

Wofuna kutsutsa atsutse, koma izi zinachitikadi, ndipo anaziona ndi anthu awiri osadziwa n'komwe kuthira mchere pa nkhani: Wendell Sundby ndi mlamu wake Marlys. Mayi Marlys akadalipo, amagulitsa nyambo pafupi ndi doko. Kawafunseni ngati muli ndi chiwindi.

Orrin, mkulu wake wa Wendell komanso mwamuna wa Marlys, anamira kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi ija masamba amayoyoka ndipo nsomba za wolayi ndi soga zimaunjikana pamathiriro a mtsinje. Munthuyu anali ndi makani a bulu. Lamulo la panyanja yathu limati nsomba zisanu ndi imodzi patsiku, ndipo mwa izo wolayi zisapitirire zinayi. Orrin sankaliphwanya ngakhale popanda womuona, koma sankabwereranso kumtunda nsomba zisanakwane. Ankazikoloweka zamoyo pa unyolo wa mapini asanu ndi imodzi, onga aja omangira thewera koma aakulu, n'kuzisiya m'madzi pambali pa boti.

Tsiku limenelo aliyense anali m'boti lake. Mphepo ya kumpoto itayamba, Wendell anakuwa:

"Achimwene, tiyeni! Nyanja yaipa iyi!"

"Yatsala imodzi."

"Imodziyo idzakudyani, ndikukuuzani!"

"Thawa, wamantha iwe. Ukandiwiritsire khofi."

Wendell anapitadi, mtima uli fwaa ndi mkwiyo, ndipo khofiyo sanawiritse dala. M'mawa mwake boti la Orrin linapezeka litagadabuka. Mwini wake ayi.

Apolisi anakoka ngowe pansi pa nyanja masiku khumi, n'kugwa mphwayi. Madzi ozizira sabweza mtembo msanga, ndipo tonse tinkadziwa kuti nyanja ikangoundana, basi, mpaka Meyi. Marlys ananena yekha m'khitchini, maso ali gwa:

"Alamu, sindingagone miyezi isanu ndi umodzi iye ali pansi pa ayezi, anthu akuyendetsa magalimoto pamwamba pake. Ndikufuna ndimuike m'dothi."

Chisoni chinkamudya Wendell, koma manyazi ndiwo ankamudya kwambiri, chifukwa anasiya mbale wake pamadzi. Choncho tsiku lililonse awiriwa ankapita pamalo paja, n'kuponya nangula. Wendell ankawedza, poti manja a msodzi satha kungokhala, Marlys n'kumangoyang'ana madzi.

Patatha masabata atatu, masana ena kunagwa chifunga. Mphepo inati zii. Atsekwe amene ankadutsa m'mwamba analeka kulira onse pamodzi. Kenaka kunabwera fungo la fodya wa m'kaliwo, wotsekemera uja ankasuta Orrin. Wendell sasuta.

Marlys anakweza mphuno.

Pansi pa boti panamveka chitsulo. Ngwe. Ngwe.

Chingwe cha Wendell chinalemera. Anakoka pang'onopang'ono, ndipo chimene chinatuluka pa mbedza ndi unyolo wa Orrin. Kumapeto kwake kunali kaulusi kofiira kamene Marlys anamangapo yekha kuti unyolowo usamasokonekere ndi wa anthu ena. Pa mapini panali nsomba zisanu. Wolayi zinayi, zija za banga loyera kunsonga ya mchira, ndi soga imodzi ya mawanga pachipsepse. Zonse zamoyo. Masabata atatu pa unyolo, koma zikupuma bwinobwino, maso azo otuwa aja ali pa iye.

Pini yomaliza inali yopanda kanthu.

Chingwe cha unyolowo chinkalowabe pansi. Wendell anachikoka. Sichinabwere. Anakokanso, ndipo chinamukoka nachonso, mofatsa, kawiri.

"Alamu," Marlys ananong'ona. "Akudikira yomaliza."

Apa m'pamene Wendell analakwitsa, phuma likamugwira munthu nzeru zimathawa. Anatola wolayi yonenepa imene anagwira m'mawa, naikoloweka pa pini ija, n'kutsitsa unyolo m'madzi.

Anadikira. Madzi ali phee.

Kenaka, pansi penipeni, thwa!

Wolayi ija inayandama pambali pa boti, inazungulira kamodzi, n'kulowa pansi, banga loyera likuzimirira. Wendell anakoka unyolo. Pini yomaliza inali yotsekula. Mapini amenewa ndi olimba, satseguka popanda munthu kukanikiza ndi chala chachikulu mpaka kupweteka.

Marlys anaseka, misozi ili chuchuchu.

"Mwamuiwala mkulu wanu? Wolayi zakwana kale zinayi. Akufuna soga."

Anamangirira chigubu pa unyolowo kuti adzaupezenso, nabwerera kumtunda.

Ndiye taonani tsoka lake. Soga, kansomba kamene masiku onse kamangodziponya pa mbedza mpaka kukwiyitsa, kanasowa. Masiku anayi Wendell anagwira wolayi zokhazokha, zikuluzikulu, n'kumazibwezera m'madzi. Pa doko asodzi anzake ankamuseka.

"A Sundby, mutu ukuyenda bwino? Mukutaya nyama kufuna mafupa?"

"Tipatseni ifeyo, akulu, akazi athu sasankha!"

Wendell ankangoyang'ana m'mphepete mwa nyanja, mmene ayezi ankakula usiku uliwonse ngati chipere.

Tsiku lachisanu anachita kuswa ayezi ndi nkhafi kuti boti lituluke. Wailesi inali italengeza chisanu choopsa, ndipo panyanja ponse panalibe boti lina. Marlys anadzifunditsa jekete la mwamuna wake. Chingwe chinkaundana m'manja. Zala za Wendell zinafa dzanzi, nyambo n'kumamupulumuka. Ola loyamba, palibe. Lachiwiri, wolayi. Anaitukwana, naibweza.

Dzuwa litapendeka, china chinagwedeza mbedza pang'ono chabe.

Kanali kasoga kowonda, kosakwana n'komwe poto.

Fungo la fodya linabweranso. Pafupi. Ngati munthu wakhala pa thabwa la pakati.

Wendell sanatembenuke. Anakoka chigubu. Nsomba zisanu zija zinali zikupumabe. Anakoloweka kasoga kaja, natseka pini, naweramira pamadzi.

"Achimwene," anatero. "Zakwana. Ndinakusiyani, pepani. Tiyeni kunyumba, ndikawiritse khofi uja."

Anatsitsa unyolo. Chingwe chinakungika. Chinakoka kamodzi. Kenaka chinadutsa m'manja mwake pang'onopang'ono, chigubu n'kumira nacho osasiya ngakhale thovu.

Fungo lija linatha.

Kutacha, Wendell anatsikira ku doko ndi Marlys. Nyanja yonse inali itagwira ayezi kufikira kumene maso amalekeza, kupatula kadziwe kamodzi pambali pa boti la Wendell. Orrin anali mmenemo, chagada, maso otseka. Kuchokera pamene anamira kufika pa doko ndi mtunda wa mamailosi atatu, motsutsana ndi madzi a mtsinje. Chingwe cha unyolo chinali chokulungidwa kudzanja lake. Nsomba zisanu ndi imodzi, zonse zakufa tsopano.

Marlys anagwada pa matabwa, naziwerenga ndi chala mpaka pa kasoga kaja.

Dokotala amene anabwera ndi apolisi anati munthuyu anafa tsiku lomwe anamira, pafupifupi mwezi wathunthu. Wendell anangovomera ndi mutu. Iye ankayang'ana dzanja lamanja la mkulu wake. Pa chala chachikulu panali kabala kozungulira, konga ka munthu amene wakanikiza pini yolimba.

Kanali kakutulukabe magazi.

Marlys anavula mpango wake, nachimanga chalacho.