Thonje Waleka Kuterereka

Lusungu anali ndi kalulu woweta. Dzina lake linali Thonje. Anali woyera kuti mbee! Anamupatsa ndi amalume ake, a Herbert a ku Lisungwi.

Tsiku lina nsungwi za pansi pa khola zinathyoka. Panatsala chibowo chachikulu. Lusungu anaopa kuti Thonje agwa, galu n'kumugwira.

Anatola lata lakale kuseri kwa nyumba. Koma linali lakuda. Lusungu sankakonda zinthu zakuda. Analikwecha ndi mchenga ngati poto. Anakwecha, anakwecha, mpaka linawala. Kenaka analiyala m'khola.

"Taona, Thonje! Nyumba yako ikuwala!" anatero Lusungu.

Thonje anadumpha. Tereee! Miyendo iyi uku, iyi uko. Anadzuka. Anadumphanso. Tereee! Anagwa chamimba.

Tsiku loyamba Lusungu anaseka. Tsiku lachiwiri sanaseke. Thonje anangokhala pakona, ndwii. Ankaopa kuyenda. Lusungu anamuikira kholowa pamphuno. Thonje sanadye.

Bambo ake a Lusungu, a Malizani, anasuzumira m'khola.

"Kaluluyu akuwonda," anatero. "Akapanda kudya pofika Loweruka, ndikamubweza kwa amalume ako."

"Bambo, chonde, ayi!"

"Nanga afere pano, mwanawe?"

Mtima wa Lusungu unawawa kwambiri. Thonje anali mnzake weniweni.

Lusungu anatenga thumba la fetereza. Analiyala pamwamba pa lata. Thonje anaponda. Tereee! Thumba linaterereka, Thonje ali pamwamba. Kalulu ndi thumba, ulendo umodzi!

Lachisanu kunagwa mvula. Lusungu anaperekeza amayi ake ku Boma. Ankapita kukagulitsa mbatatesi. Anakwera minibasi.

Pachitunda, minibasi inakanika kukwera. Msewu unali matope okhaokha. Matayala ankangozungulira pamalo amodzi.

"Tsikani nonse!" anakuwa adalaivala. "Zulani udzu! Thyolani nthambi!"

Anthu anazula udzu. Anathyola nthambi. Lusungu nayenso anazula kamtolo kake. Anaziyala zonse pansi pa matayala.

Adalaivala analiza injini. Matayala anagwira. Minibasi inakwera pang'onopang'ono, mpaka pamwamba. Anthu anaomba m'manja.

Lusungu anakoka chitenje cha amayi ake.

"Amayi! Thonje ali ngati minibasi!"

"Minibasi ya makutu aatali, eti?" amayi anaseka.

"Ayi, amayi. Akusowa popondera basi."

Amayi anasiya kuseka. Anamuyang'ana mwana wawo.

"Mutu uwu uli ndi nzeru," anatero.

Atafika kunyumba, amayi anamupatsa mkeka wakale. Unali wong'ambika mbali imodzi. Lusungu anaudula kuti ukwane m'khola. Anauyala pamwamba pa lata.

"Bambo, nawonso uterereka ngati thumba lija. Mundimangireko."

A Malizani anatenga luzi. Anamanga apa, anamanga apo. Anamanga ngodya zonse zinayi. Lusungu anaukoka mkeka uja. Sunasunthe.

Kenaka anatenga udzu wouma wa pakhonde. Anaumwaza pamwamba pa mkeka. Khola silinawalenso. Koma Lusungu analibe nazo ntchito.

Thonje ananunkhiza. Anagwedeza mphuno. Anatulutsa mwendo umodzi. Anaubweza. Tsiku limenelo sanachoke pakona.

Loweruka linakwana. A Malizani anatuluka ndi dengu lonyamulira kalulu. Lusungu anayenda pambuyo pawo, misozi ili m'maso.

Anafika pakhola. Pakona panalibe kanthu!

Thonje anali pakati pa khola. Anadumpha kamodzi. Sanagwe. Anadumpha kawiri. Sanagwe. Anathamangira kholowa. Kukutu, kukutu, kukutu! Anadya tsamba limodzi. Anadya lachiwiri. Analawanso ndi mkeka womwe.

A Malizani anayang'ana kalulu. Anayang'ana dengu lawo.

"Nanga dengu ili ndichite nalo chiyani?"

"Ndipatseni, bambo," anatero Lusungu. "Ndikathyoleremo kholowa wambiri."

Onse anaseka. Lusungu anapukuta misozi. Anagwada pansi, n'kuomba m'manja.

"Zikomo, amayi, chifukwa cha mkeka. Zikomo, bambo, chifukwa cha luzi. Mukakumana ndi adalaivala aja, mukawathokozenso."

Kenaka anatembenukira kukhola.

"Nawenso thokoza, Thonje."

Thonje sanayankhe. M'kamwa munali mutadzaza kholowa.