Dzina Loyamba pa Pepala la Fainess

Dzuwa la Okutobala pa Santhe silidziwa nthabwala. Fainess Sunganani anali pa siteji kudikira minibasi ya ku boma, thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi buku.

"Achemwali, buku lonseli mwalisandutsa chokupizira mphepo? Olemba ake atamva angalire!"

Fainess anacheuka. Anali mnyamata wamtali, malaya obiriwira osita bwino, mano oyera mbee. Anati dzina lake ndi Lameki, mlimi wa fodya wa cha ku Mwase, komanso wapampando wa gulu la achinyamata lotchedwa Eni Nthaka.

"Ndine mphunzitsi wa History," anatero Fainess. "Bukuli ndiye khasu langa."

"Ndiye sabata ino mukulima pati, madamu?"

"Ku Germany. Fomu 4 tikuphunzira za Hitler."

"Anatani bamboyo?"

Mphunzitsi ukamufunsa funso, konzekeratu kukhala pansi. Fainess anamufotokozera zonse: dziko lija litagonja pankhondo, ndalama zinatha mphamvu, kenaka ntchito zinasowa. Kunabwera munthu wodziwa kuyankhula, akulonjeza ntchito ndi chakudya, anyamata ake atavala malaya ofanana. Anauza anthu kuti mavuto onse abwera ndi Ayuda. Anthu ophunzira, opemphera, anamuombera m'manja mpaka anakhala pampando, ndipo atakhalapo palibe anatsegulanso pakamwa.

Lameki anamvetsera maso ali tong'o. Minibasi ziwiri zinadutsa osaziona.

"Mundibwereke bukulo, madamu. Pobweza ndidzapeza chifukwa chokuonaninso."

Abale, mtsikana wake uti amene sakanaseka?

Sabata isanathe, foni ya Fainess inali italeka kupuma.

"Duwa langa, ndathirira nazale m'mawa uno, koma mtima wanga ndi wouma mpaka ndikuone."

"Wapamtima, ndikagulitsa mabelo anga chaka chamawa, ankhoswe anga adzafika kwanu. Ndalumbira!"

Fainess ankawerenga mauthengawa katatu katatu, n'kumathokoza Mulungu. Amuna ena ankamuopa kuti ndi wasukulu. Uyu yekha ankafunsa za ntchito yake, n'kumakumbukira ngakhale chaka cha 1933 chimene Hitler anakhala pampando!

Chinthu chimodzi chokha sanamuuze. Lameki akafunsa kwawo, iye ankangoti, "Konkuno." Silinali bodza. Anabadwiradi konko, koma m'kanyumba ka udzu kuseri kwa zigafa za pa esiteti, mtunda wa ola limodzi kuchokera pasukulu. Mayi ake, a Lefina, anali tenanti wochokera ku Phalombe, zaka makumi atatu akusoka fodya wa eni ake. Ndi zala zimenezo anamuphunzitsira mwana mpaka ku koleji. Koma mwanayo atavala nsapato zogogoda, mawu oti "tenanti" anayamba kumulemera pakamwa. Manyazi ena ndi opusa ndithu.

Tsiku lina masana, atakhala pansi pa mtengo wa mango akugawana fanta, Lameki anamugwira dzanja.

"Dalini, makuponi a fetereza achepanso chaka chino. Ndipo matenanti salembedwa n'komwe. Iwe sizikukhudza?"

"Zimandikhudza kwambiri!"

"Ana awo umawaphunzitsa, makomo awo ukuwadziwa. Tilembere mayina onse, ndi kumene akukhala. Loweruka tili ndi msonkhano pa bwalo la mpira. Tikufuna tiwachitire chinachake."

Fainess anangotsala pang'ono kugwetsa misozi. Mwamuna wachifundo chotere amapezeka kuti masiku ano?

Masiku anayi, akaweruka, ankakwera njinga kuzungulira maesiteti. Anthu anamulandira ngati mvula yoyamba. A Feliya anamuninkha mtedza, a Simeon Tsoka anamugwirira nkhuku. Mayina anakwana makumi anayi. Pamwamba penipeni analemba la mayi ake, amene chiyambire sabuside anali asanagwirepo kuponi.

"Mudzabwere nonse Loweruka," anawauza. "Mudzamuonenso mkamwini wanu, amayi."

Lachisanu m'mawa Lameki anadutsira pasukulu kudzabweza buku.

"Mawa usaiwale pepala lija, switi wanga."

Fainess analowa mu Fomu 4 akumwetulira. Atatsegula buku pamutu wa Germany, anapeza mizere ya cholembera chofiira. Pamene panalembedwa za malaya ofanana, mzere. Za mawu afupiafupi oti khamu lizibwereza, mzere. Pamene panalembedwa zoti anthu anjala anapatsidwa munthu womuloza chala, mizere iwiri, ndipo m'mbali mwake, m'zilembo zomwe ankazidziwa bwino: "Izi zikhoza kugwira kuno."

Choko chinagwa. Mayo! Iye ankaphunzitsa ngati chenjezo, mnzake ankawerenga ngati malangizo a mlangizi wa zaulimi?

Komabe mtima wa munthu wokonda ndi wouma khosi. "Mwina sindinamvetse," anadziuza. Loweruka anapita, pepala lili m'chikwama.

Bwalo linali litadzaza. Anyamata a malaya obiriwira anandanda kutsogolo. Cha kumbali, pansi pa mtengo wa mthethe, panakhala matenanti atavala za Lamulungu. A Lefina anali pakati pawo, m'chitenje chawo cha Mvano, akusuzumira kuti aone mkamwini.

Lameki anakwera pa ngolo, chimkuzamawu m'manja.

"Nthaka!"

"Yathu!"

"Fetereza!"

"Wathu!"

"Abale anga, n'chifukwa chiyani mudzi wa mabanja zana ukulandira makuponi makumi atatu? Ndani akutithera madzi pa mjigo? Ndani wadzaza sukulu zathu? Obwera! Lolemba tikuyamba khomo ndi khomo. Mvula isanagwe akhale atapakira! Mayina awo tili nawo, ndipo watibweretsera si wina, koma wokondedwa wanga, madamu Fainess!"

M'manja munaombedwa. Pansi pa mthethe paja matenanti anayang'anana.

Mawu a Lameki anali omwe aja, okoma ngati uchi, amene ankamutcha nawo duwa. Fainess anagwiritsa chikwama chake. Athawe? Akathawa, anyamatawo sadzangomulanda chikwama? Nanga anthu amene anawaitana yekha, n'kuwadyera nkhuku, awasiye pamenepa?

Anakwera pa ngolo. Lameki anamunong'oneza, "Usaope, bebi," n'kumupatsa chimkuzamawu.

"Ndiwerenga ndekha," anatero Fainess, akutulutsa pepala m'chikwama. "Dzina loyamba: Lefina Sunganani. Ndi awo akhala apowo, a chitenje cha Mvano. Ndi mayi anga. Ine ndine mwana wa tenanti."

Nkhope ya Lameki inachita kugwa.

Kenaka pakati pa khamu panadzuka mayi wina wojintcha, a Mervis Yobu, mtsogoleri wa amayi a Mvano.

"A Lefina? Iii, ana inu! Mwana wanga atamwalira, mayiwa anagona pa siwa masiku atatu, madzi akutunga okha. Amenewa ndiye mukawapakize katundu?"

Anakutumula chitenje chawo, n'kudutsa bwalo lonse osathamanga, kukakhala pansi pafupi ndi a Lefina.

Fainess anapeza mphamvu. "Simeon Tsoka!"

"Ameneyo ndi amene amatikonzera mjigo!" anakuwa bambo wina. "Ukawonongeka tidzaitana malaya obiriwirawo?" Naye anadzuka.

"Feliya Chiyamiko!"

"Anandiphunzitsa kusankha fodya. Mabelo anga analeka kubwezedwa chifukwa cha iye!"

"Fainala Dauda!"

Dzina lililonse linali ndi mwini wake m'khamumo. Wina anasenzetsedwa mtolo, wina anadikiriridwa kuchipatala, wina amaimba naye kwaya. Mmodzimmodzi ankadzuka kupita ku mthethe, mpaka mthunzi unachepa. Anyamata a malaya obiriwira anayamba kuyang'ana pansi, pakuti amene ankawoloka bwalowo anali amayi awo ndi azakhali awo.

"Nthaka!" anakuwa Lameki, opanda chimkuzamawu.

Anayankha anyamata atatu, mawu ake a anthu odwala malungo.

Fainess atamaliza dzina la makumi anayi, anatembenukira kwa iye, misozi ili mbwembwembwe.

"Bukulo unawerenga poyambira pokha, Lameki. Ukanafika kumapeto. Anthu mamiliyoni anaphedwa, mizinda inasanduka phulusa, ndipo otsala ankati, 'Ife sitinkadziwa.' Ine ndikudziwa. Ndimaphunzitsa chaka ndi chaka."

A Mervis anabwera kudzatenga pepalalo. "Bweretsa kuno, mwana wanga. Linalembedwera makuponi, ndipo la makuponi likhala. Akachepa tidzagawana ndi ndowa, monga timachitira kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Lolemba linafika, ndipo palibe khomo limene linagogodedwa.

Koma musaganize kuti mtima umamva za misonkhano. Loweruka lomwelo, dzuwa litapendeka, Fainess anaperekeza mayi ake ku esiteti, akukankha njinga, akulira njira yonse. Anamukonda mnyamatayo, anamukondadi! Ankhoswe aja, mabelo aja, zonse zinali nyambo? Atafika pa zigafa, foni inalira.

"Duwa langa, bwanji sunandiuze? Dzina la amayi tikanalichotsa mwakachetechete, enawo n'kumapita. Ndimakukondabe."

Anawerenga kamodzi kokha. Chikomekome cha mkuyu! Mpaka pano munthuyu sanaone cholakwa? Pamenepo ndi pomwe Fainess anathokoza Mulungu ndi mtima wonse: chifukwa cha cholembera chofiira chija, chifukwa cha a Mervis, chifukwa choti zaululika ankhoswe asanakhale pa mphasa.

Analemba mawu atatu: "Zikomo pondibwezera buku." Kenaka anafufuta nambala.

A Lefina anakhala pa mtondo wogubuduzika, akumasula nsapato zawo za Lamulungu zomwe zinkawaluma.

"Ndiye mkamwini uja ndi ameneyu? Mano okha ndiye ali nawo."

Fainess anagwada, n'kugwira manja awo, zala zakuda ndi utomoni wa fodya.

"Amayi, mundikhululukire. Ndinatsala pang'ono kukuperekani ndi manja anga. Ndipo nthawi yonseyi ndimakubisani."

"Ukuganiza sindimadziwa? Pamsika umandipatsa moni ngati wa mpingo chabe." Anamupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Leka kulira. Mwamuna wataya lero, mawa Mulungu apereka wina. Koma ine, mwana wanga, zaka zisanu ndakhala ndikupemphera kuti tsiku lina udzanene pagulu kuti ndine mayi ako. Sindinkadziwa kuti udzachita kunenera pa chimkuzamawu."